Kandege Kamene Kanabwerera Kolemera

Kankhirani chitsa icho m'kati, uvuni usazizire mbali ino, njerwa zingatuluke zosapsa. Mwandivutitsa kuyambira pamene tinayatsa moto kuti ndikuuzeni chifukwa chake Yotamu amayenda chopendekeka ngati ngolo yophwa tayala limodzi. Ndikuuzani, koma monyinyirika, chifukwa Yotamu ndi msuweni wanga, mwana wa azakhali anga a Nambewe, ndipo manyazi ake ndimagawana naye ngakhale sindinapemphe gawo.

Yotamu amakonza mafoni pamsika wathu, kashopu kake kali pakati pa chigayo ndi pometera tsitsi. Manja ake ndi aluso, pamenepo sindingamunamizire. Vuto lake n'lakuti chinthu chikamukomera amaiwala kuti padziko pali anthu. Mlongo wake Edina, amene amagwira ntchito ku Joni, anamutumizira droni, kandege kaja ka mapiko anayi kokhala ndi kamera kumimba. Sikanali ka ntchito ayi, kanali koseweretsa basi. Koma kuyambira tsiku limenelo Yotamu ankayenda mphuno ili m'mwamba, ndipo ukamupatsa moni ankayankha maso ali kumitambo.

Kandegeko kanali ndi chilema chimodzi, sikankakhalitsa m'mwamba. Kakanyamuka, usanamalize n'komwe kudya chimanga chowotcha, rimoti inkayamba kulira kuti batire latha, iko n'kutsika kokha. Zimenezi zinkamuwawa Yotamu kuposa dzino. Anayamba kutolera malaputopu akufa, n'kumaswa mabatire ake kuti atulutsemo timabatire tozungulira tija, n'kusankha tamoyo. Anatiwotcherera pamodzi ndi waya, anatikulunga ndi tepi, kenako anatimangirira kumimba kwa droni ndi mphira zodula ku chubu chakale cha njinga yanga ya kabaza.

"Asuweni, mwakasenzetsa katundu ngati bulu," ndinamuuza. "Kauluka bwanji kameneka?"

"Inu a Kefasi pondani njinga," iye anatero, osandiyang'ana. "Za m'mwamba tisiyireni ife."

Tinakayesa kubwalo la mpira. Kananyamuka inde, koma mokakamizika, kakulira mawu okhuthala, kakugwedera uku ndi uku. Katatsika, timainjini take tinali totentha osagwirika, ndipo nthawi imene kanawonjezera inali yosakwana kumanga nsapato. Yotamu mwiniwake anavomera kuti kulemera kwa mabatire kukudya moto womwe mabatirewo abweretsa. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Iye anapita kukawonjezera ena. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kandege kanafika polemera moti sikankathanso kuima kokha m'malere monga kankachitira poyamba. Akangochotsa zala pa rimoti, kankayamba kutsetsereka chammbali n'kumatsika.

Tsono mumve za mkulu wake, Lameki. Ameneyo anali munthu wa khasu, wosalankhula zambiri, wa mapewa otambalala. Yotamu ali mwana anagwa mumtengo wa mango n'kuthyoka mwendo, ndipo Lameki ndiye ankamubereka kupita naye kusukulu dzinja lonse, kuwoloka kamtsinje ka Nankhwazi madzi ali m'chiuno. Ine ndinkayenda nawo pambuyo nditanyamula makope awo. Pakati pa madzi Lameki ankanena mawu amodzimodzi tsiku lililonse: "Gwira bwino, koma usanditsamwitse."

Nankhwazi yemweyo ndi amene timawoloka popita kumanda. Ndipo kwathu kuli mwambo umene midzi ina ilibe. Bokosi limachoka panyumba pamapewa a adzukulu ndi amuna a m'mudzi, akulandirana njira yonse. Koma likafika pamadzi amaima, n'kuitana mwamuna wa bere limodzi ndi womwalirayo, kapena wa mbumba yake, kuti aikepo phewa powoloka. Amati munthu savomera kuwolotsedwa ndi alendo. Amafuna adziwe kuti ndi akwawo amene amuperekeza, osati kuti watayidwa. Msuweni ngati ine sawerengedwa pamenepo.

Lameki anadwala chifuwa chaka chomwe droni inabwera, ndipo matenda anamudya pang'onopang'ono mpaka mapewa aja anatha. Tsiku lina ine ndi Yotamu tili pambali pa mphasa yake, anamwetulira n'kunena kuti, "Iwe Yotamu, ndinakubereka mokwanira pa Nankhwazi paja. Udzandibwezere kamodzi kokha." Yotamu anaseka, akuti achimwene asiye kulankhula zopanda pake. Sabata isanathe tinali pamaliro.

Edina sakanatha kubwera, mapepala ake sanali bwino. Analira pafoni, napempha kuti amujambulire mwambo wonse, aone mmene mlongo wake wagonera. Pempho linali lomveka, ndipo foni wamba ikanakwanira. Koma Yotamu anaona mwayi woonetsa mudzi wonse zimene mabatire ake angachite. Mmawa wa tsiku loika, anthu akuimba pasiwa, iye anali kuseri kwa nkhokwe akumanga mphira.

Ulendo wakumanda utayamba, anathamangira patsogolo n'kukakwera pachulu chimene chili tsidya lino la Nankhwazi, pomwe amaona njira yonse. Kandege kanadzuka n'kumatsatira bokosi pamwamba, kakulira ngati khamu la njuchi. Amayi ena anaphimba mitu ndi zitenje. Nyimbo inasokonekera, kenako inagwiranso. Tinafika pamadzi, onyamula anaima, ndipo a Kholowa, mkulu wa adzukulu, anatembenukira kugulu.

"Tafika pamadzi. Mwini magazi abwere."

Palibe anasuntha. Nyimbo inazima. Kunangotsala phokoso la kandege pamwamba pathu. A Kholowa anabwereza, mawu atakwera pang'ono, ndipo anthu anayamba kuyang'ana kuchulu. Ndinakwera chothamanga n'kumukoka malaya.

"Yotamu, akukuitana. Tsika."

"Dikirani pang'ono," anatero, thukuta lili chuchuchu, zala zili pa rimoti. "Ndikasiya, kagwera anthu. Kalemera kwambiri, sikaima kokha."

"Katsitse ndiye."

"Ndikatsitsa vidiyo iduka. Auzeni adikire, awolokere pomwe ndikuwaona bwino, ndibwera."

Sindikudziwa ngati anamva zimene pakamwa pake panatulutsa. Bokosi silitulidwa pansi panjira, ndipo dzuwa linali litakwera. Azakhali anaima atagwiridwa ndi amayi awiri, akuyang'ana mwana wawo pachulu, osalira, osaitana. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo. Potsiriza a Kholowa anagwedeza mutu, nakodola onyamula, ndipo Lameki anawoloka Nankhwazi pamapewa a anthu a m'mudzi.

Chachilendo choyamba sitinachizindikire msanga. Kandege kaja kanakhala m'mwamba mwambo wonse, ulaliki, kutsitsa bokosi, kukwirira, nkhata, zonse. Tinabwerako kumanda, tinasamba m'manja, iko kadakali komweko pamwamba pa mitengo, Yotamu akukaitana koma kakuzengereza. Iye ananditonyola monyadira, akuti mabatire agwira ntchito. Katafika, anakagwira n'kusintha nkhope. Timainjini tinali tozizira ngati kanagona panja, ndipo timiyendo take tinali ndi matope akuda a mumtsinje, pamene sikanatere paliponse. Rimoti inkaonetsa kuti mabatire ndi odzaza.

Madzulo ake anatumiza vidiyo ku Joni. Edina anaimba m'mawa, ine ndili pomwepo, ndipo mawu ake ankamveka mpaka pakhomo.

"Ndaonera yonse, mlongo wanga. Amayi ndawaona, a Kefasi ndawaona. Pamadzi paja ndakufunafuna, ndabwereza kangapo. Iwe unali mbali iti ya bokosi?"

Yotamu anati netiweki yavuta, n'kuzimitsa foni.

Anatsegula vidiyo ija pashopu kuti tionere, mwina kufuna kuti wina amuyamikire. Zithunzi zinali zokongola, nanga n'kunama. Mzere wa anthu ukuoneka pansi ngati nyerere, bokosi lili patsogolo. Chakumapeto, anthu onse atabwerera kumudzi, kamera inatembenuka yokha n'kuyang'ana pa Nankhwazi. Tsidya lino, mbali yakumudzi, pamwala umene amayi amachapirapo, panakhala munthu. Ankaoneka pamutu ndi pamapewa pokha, manja ali pamawondo, wayang'ana madzi, ngati wina wodikira basi. Yotamu anayesa kukuza chithunzi, koma pamalo pamenepo chinkangosungunuka. Kenako mutu uja unayamba kudzuka pang'onopang'ono, ndipo vidiyo inathera pomwepo.

"Ndi mmodzi wa adzukulu," Yotamu anatero. "Amatsuka khasu."

Koma khasu silinkaoneka.

Masiku otsatira, mafoni amene anthu ankasiya pashopu kuti atchajidwe ankapezeka opanda moto, ngakhale atagona pamagetsi tsiku lonse. Droni yokha, imene inangokhala pashelefu osalumikizidwa pena paliponse, nyale yake inali yobiriwira nthawi zonse. Wometa tsitsi wapafupi anayamba kudandaula kuti chisisira chikamagwa amamva njuchi padenga, koma akatuluka sapeza kanthu. Mmawa uliwonse pansi pa shelefu pankakhala kadambo ka madzi, denga lisakudontha, mvula isanagwe n'komwe. Shelefuyo inayamba kupindika pakati, ndipo tsiku lina misomali inazuka.

Yotamu anati vuto ndi mabatire, achotse. Anadula mphira, anachotsa mtolo woyamba, n'kunyamula kandege kuti amve. Kanali kolemera kuposa kale. Anachotsa wachiwiri, anachotsa onse mpaka batire lake lenileni, n'kutsala chigoba chokha cha pulasitiki. Chigoba chimenecho ine, munthu wokweza matumba a chimanga panjinga, ndinachikweza ndi manja awiri ndikubuula. Ndipo kanyale kaja kanali kadakayaka.

Yotamu anakagulitsa kwa mphunzitsi wina wa kusekondale, amene ankakasirira kuyambira kale. Mphunzitsiyo anachita kubwera ndi wilibala. Kusanache bwino mphunzitsi uja anali pakhomo la shopu ndi wilibala yake, maso ali psuu. Anakatula pansi, anati kunyumba kwake kuli ana aang'ono, ndipo anachoka osatsanzika.

Nthawi yomweyo anzanga a kabaza anayamba kukana njira ya ku Nankhwazi dzuwa likapendeka. Wina anati anapeza bambo atakhala pamwala paja, atavala jekete, ndipo atamufunsa ngati akufuna kukwera, anayankha osatembenuka kuti, "Pitani, bambo, pali amene ndikumudikira." Wina anati anamva chifuwa chouma kumbuyo kwake akuwoloka, atacheuka panalibe munthu. Amayi anasiya kuchapira pamenepo. Palibe amene anatchula dzina, koma Yotamu akamadutsa pamsika nkhani zinkaduka, anthu n'kumayang'ana pansi. Ine ndikamapalasa, ndinkamva maso awo kumsana, chifukwa aliyense ankadziwa kuti mphira zija zinachokera kwa ine.

Phewa lake lamanja linayamba kutsika. Poyamba ankati wagonera, kenako anapita kuchipatala, anamupatsa mankhwala opaka. Atavula malaya kuti ndimupake, ndinaona mzere wofiira wowongoka paphewapo, wonga umene thabwa limasiya ukalisenza mtunda wautali. Ndinangomupaka mankhwalawo. Anayamba kuwonda. Kwa amayi ake sankapondako, ankazungulira kuseri kwa tchalitchi kuti asadutse pakhomo pawo.

Azakhali ndi amene anabwera. Anafika pashopu masana, atavala zakuda, n'kuima pakhomo osalowa. Yotamu anadzuka n'kugwada. Ine ndinkayembekeza kuti amulalatira, ndipo kunena zoona ndinkafuna atatero, chifukwa inenso mkwiyo unali utandikwana. Iwo anangoyang'ana chigoba chija pansi, kenako phewa la mwana wawo.

"Mkulu wako akuzizidwa," anatero. "Ine sindigona, ndimamumva akutsokomola. Ukufuna adikire mpaka mvula igwe, mtsinje udzaze?"

"Amayi, anthu andiona bwanji?"

"Anakuona kale, mwanawe. Pachulu paja anakuona onse."

Anatembenuka n'kumapita. Yotamu anakhala chogwada nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ndingamuperekeze mbandakucha, anthu asanadzuke. Ndinapita kukafunsa a Kholowa, poti manda salowa munthu mwachisawawa. Iwo anakana za mbandakucha. Anati maliro sayenda mobisala, ndipo amene anakana ataitanidwa pamaso pa anthu ayankhe pamaso pa anthu omwewo.

Choncho linali tsiku lamsika, dzuwa lili pamutu. Ine ndi wometa tsitsi tinakweza chigoba chija n'kuchiika paphewa la Yotamu, ndipo mawondo ake anapindika. Tangoganizani, mwamuna wamkulu, wandevu, akudzandira pakati pa msika atasenza choseweretsa chimene mwana angachinyamule ndi dzanja limodzi. Anyamata ogulitsa kaunjika anayamba kuseka. Koma ataona mitsempha ya m'khosi mwake, ndi mmene mapazi ake ankalowera m'fumbi, kuseka kunatha. Amayi ena anasiya tomato wawo n'kutsatira. Pofika kumapeto kwa mudzi tinali gulu, ndipo wina kumbuyo anayambitsa chapansipansi nyimbo yomwe inaduka tsiku lija.

Njira yonse palibe anamulandira. Ine manja ankandiyabwa, koma a Kholowa anandigwira mkono. Yotamu anagwa chogwada kawiri konse, osalola kuti katundu akhudze pansi, n'kudzukanso. Ankayenda atazyolika, misozi ndi thukuta zikugwera m'fumbi. Titadutsa pachulu paja anatembenuzira nkhope kumbali.

Pa Nankhwazi panali zii. Pamwala panalibe munthu, koma pamwamba pake panali ponyowa, pamene miyala ina yonse inali youma ndi dzuwa. A Kholowa anaima m'mphepete, anavula chipewa, n'kunena mawu aja monga amanenera nthawi zonse.

"Tafika pamadzi. Mwini magazi abwere."

"Ndabwera," Yotamu anatero. "Ndine Yotamu, mng'ono wake. Ndachedwa."

Analowa m'madzi. Nyengo imeneyo Nankhwazi amalekeza m'akakolo, koma iye ankayenda ngati madzi ali m'chiuno, akufufuza popondera. Pakati penipeni anaima, thupi lonse likugwedezeka, ndipo ndinaona kolala ya malaya ake ikukokekera kumbuyo, ngati pali chimene chamukoleka m'khosi. Anatsegula pakamwa kufuna mpweya. Kenako ndinamumva akulankhula motsitsa, osati kwa ife.

"Gwirani bwino, achimwene. Ngakhale munditsamwitse."

Anaponda kutsogolo, anapondanso, mpaka anatulukira tsidya lina. Atangoponda pamtunda anadzandira chakutsogolo ngati munthu amene wakankha chitseko chosakhoma. Chigoba chinatsetsereka paphewa n'kugwera paudzu popanda phokoso. Ndinawoloka n'kuchitola ndi zala ziwiri. Kanyale kanali katazima. Udzu wa m'njira yakumanda unagwedezeka pang'ono, mphepo kulibe, kenako unaima.

Yotamu anakhala pansi m'matope n'kulira monga sanalire tsiku la maliro. Azakhali anawoloka atagwiridwa ndi amayi anzawo, anafika pamene anali, n'kumuika dzanja paphewa lotupalo. Iye sanathe kuwayang'ana kumaso.

"Amayi, analemera," anatero. "Sindinkadziwa kuti analemera chonchi."

Azakhali anapukusa mutu.

"Sanalemere, mwanawe. Matenda anali atamumaliza. Funsa a Kholowa, tsiku lija onyamula ankati bokosi lili ngati mulibe munthu. Ukanangoikapo phewa, sukanamumva n'komwe."

Kuyambira pamenepo a kabaza tinayambiranso kudutsa pa Nankhwazi, ndipo amayi anabwerera pamwala wawo. Yotamu amakonzabe mafoni, ndipo maliro akagwa m'mudzi amakhala woyamba kufika pabokosi, amasenza mpaka ena achite kumuchotsa. Koma phewa lija silinabwerere m'malo mwake. Uvuni ukazizira adzabwera kudzatithandiza kupakula njerwa zimenezi. Mukamuona akupendekeka, mupatseni moni basi, musamufunse.